Phunziro la Mwezi Uno: Boma ndi Malamulo Ziri ndi Nchito Yanji?

Tsiku lina mwezi wathawu, titatha kalasi pa mudzi wina wa kufupi ndi Namwera, mnyamata wina wochenjera anandifunsa pamaso pa anzache, nati, "Aphunzitsi, inu mwatiphunzitsa kuti munthu wolungama sakuba, sapha, ndipo sanamizira mnzache. Nanga anthu onse akamvera chiphunzitso chimenechi, apolisi adzagwira yani? Ndipo ife tiperekeranji msonkho pa msika, pamene tomato tigulitsayo tinalima tokha ndi khasu lathu?" Anzache anaseka, koma ine sindinaseke, pakuti funso limeneli si lachibwana iai, anthu anzeru a maiko ambiri analimbana nalo kuyambira kale lomwe. Ndinamyankha mau owerengeka pomwepo, koma dzuwa linali litapendeka ndipo ulendo wanga unali wautali. Tsono ndinamlonjeza kuti ndidzalemba yankho lonse m'kalata muno, kuti ena amene ali ndi funso lomwelo m'mtima naonso amve.

Tiyambe ndi mbali yoyamba ya funso lache, ndiyo ya anthu abwino. Ine ndinaona ndi maso anga akulu awiri a mpingo, onse oopa Mulungu, onse osakhudza kanthu ka mwini, akuleka kulankhulana chaka chathunthu chifukwa cha dimba. Malire a madimba ao anali kamtsinje. Ndipo chaka china madzi osefuka anapatutsa kamtsinjeko, nasiya nthaka yakuda ya mizere isanu ndi umodzi tsidya lina. Wina anati, "Malire ndi madzi, ndipo madzi ndi awa." Mnzache anati, "Malire ndi pamene makolo athu anaponda, ndipo madzi sangathe kupatsa munthu munda." Pa awiriwa panalibe wakuba kapena wabodza, yense anakhulupirira ndi mtima wonse kuti chilungamo chiri kwa iye. Chimene chinasoweka ndicho munthu wachitatu, wosadyako za m'dimbamo, amene mau ache onse awiri akadawamvera. Mlandu unatha pamene mwini mudzi anaitana nkhalamba zodziwa malowo, nazika mitengo ya malire. Mmodzi sanakondwe nacho chiweruzocho, koma anachilandira, ndipo lero ana ao alima moyandikana.

Apa tiona kuti lamulo silinaikidwe chifukwa cha mbala zokha. Munthu aliyense, ngakhale woyera mtima, akhala woweruza woipa pa mlandu wa iye mwini, pakuti diso liona bwino cholakwa cha mnzache koma siliona nkhope ya mwini wache. Ndiponso pali zinthu zambiri zimene mwa izo zokha siziri zabwino kapena zoipa, koma zifunika kuti anthu onse azichite mofanana. Galimoto zathu ziyenda ku dzanja lamanzere, ndipo maiko ena ziyenda ku dzanja lamanja. Palibe tchimo ku manzere kapena ku manja. Koma pa zokhota za ku Chowe oyendetsa awiri okoma mtima, yense akasankha mbali imene aikonda, adzaphana pamodzi ndi anthu amene awanyamula.

Makolo athu anadziwa zimenezi Azungu asanafike, ndipo munthu asakunyengeni kuti malamulo anadza ndi sitima. Pakati pa Ayao ndi Anyanja pomwe, mbumba iri yonse inali ndi mwini wache, ndiye mlongo wamkulu wosunga alongo ache ndi ana ao. Iye ndiye anali kuyankha mwana wa mlongo wache akalakwa, ndi kulandira dipo mwanayo akalakwiridwa. Ukwati unali ndi ankhoswe. Mudzi unali ndi mwini mudzi wogawa minda, ndi bwalo pamene mirandu inali kukambidwa poyera, pansi pa mtengo, anthu onse alikumva. Akale anati mfumu ndi dzala, kunena kuti zinyalala zonse za pa mudzi, ndeu, miseche ndi madandaulo, zitayidwa kwa iye, ndipo ayenera kuzilandira osaipidwa. Owerenga Buku Lopatulika adzakumbuka kuti Mose nayenso analema ndi kuweruza anthu yekha kuyambira m'mawa kufikira madzulo, mpaka mpongozi wache Yetero anamlangiza kuti aike akulu oweruza timirandu tating'ono, ndipo zolemera zokha zidzifika kwa iye. Nkhaniyi iri pa Eksodo mutu 18, ndipo mwini mudzi aliyense wa kwa Jalasi angathe kuimva popanda womasulira.

Koma chilamulo cha mbumba chinali ndi polekezera. Chinatchinjiriza munthu wokhala ndi abale; mlendo, mwana wamasiye, ndi munthu wa mtundu wina analibe womuyankhira. Kuti timvetse bwino chimene chichitika pamene palibe lamulo loposa mphamvu ya munthu, sitifunika kupita kutali. Tingokweza maso ku phiri la Mangochi, limene tiliona masiku onse.

Pakati pa zaka za m'ma 1800 Ayao ambiri anachoka ku dziko lao la pakati pa mitsinje ya Lujenda ndi Rovuma, napirikitsidwa ndi nkhondo ndi njala, nadzakhala kuno kumwera kwa nyanja. Masiku omwewo malonda a ku gombe la nyanja yamchere anakula ndithu. Amalonda anali kudza ndi nsaru, mikanda, mfuti ndi onga, ndipo anali kufuna zinthu ziwiri, minyanga ya njobvu ndi anthu. Tsono taonani m'mene chinthuchi chinayendera. Mfumu yokhala ndi mfuti inali kutha kugwira anthu. Yogwira anthu inali kugula mfuti zina. Ndipo mfumu yokana malonda amenewa inatsala yopanda mfuti, ndipo anthu ache ndiwo anagwidwa. Chotero ngakhale mfumu ya mtima wabwino inakokedwa kulowa m'malondawo, pakuti panalibe wina pamwamba pa mafumu onse wakuti aletse onse pamodzi. Dr. David Livingstone, amene anafika pa nyanja yathu chaka cha 1859, nadzacheza kwa Mponda chaka cha 1866, analemba kuti Rigby, nduna ya Angerezi ku Zanzibar, anawerenga akapolo ngati 19,000 pa chaka ochokera ku dziko la nyanja ino okha. Amenewo ndiwo anafika amoyo; a kufera m'njira ya ku Kilwa sanawerengedwe.

Chinthu chimene chindichititsa chisoni koposa m'mbiri imeneyi ndi ichi, kuti bwalo lomwe la mirandu linasanduka msampha. Pamene munthu anakhala ndi mtengo wache wa nsaru, mlandu waung'ono unayamba kulipidwa ndi munthu, ndipo woneneza mnzache ufiti kapena chigololo anali ndi phindu poneneza. Anthu analeka midzi ya m'chigwa ya nthaka yabwino nakamanga pa mapiri pakati pa miyala, pakuti munthu sabzala mtengo wa zipatso pamene sadziwa ngati adzagona pomwepo mawa. Mfumu Jalasi, amene Azungu m'makalata ao anamlemba Zarafi, anali ndi mudzi wache waukulu pa phiri la Mangochi, malo obvuta kukwera adani. Sindinena izi kuti ndinyoze makolo a munthu aliyense, pakuti ambiri a ife tiri zidzukulu za ogwira ndi ogwidwa pamodzi, ndipo mwazi wao unasanganikirana kale. Ndinena kuti tione kuti anthu amenewo sanali oipa mtima koposa ife. Chimene analibe ndicho lamulo limodzi lomanga wamphamvu ndi wofoka pamodzi.

Ndipo wina akati zimenezo nzakale, afunse amai ache za zaka za nkhondo ya ku Mozambique, imene inayamba chaka cha 1977 ndi kutha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992. Kumene boma linathawa, sukulu zinatsekedwa, zipatala zinapsya, ndipo mnyamata wonyamula mfuti anakhala mfumu, woweruza ndi wokhometsa msonkho pa yekha. Anthu ngati 1,000,000 anathawira m'Malawi, ndipo ena a iwo analowera pa Chiponde pomwepa, atasenza ana ndi miphika. Iwo anasiya minda yachonde nadzakhala m'misasa, chifukwa kuno kunali chinthu chimodzi chimene kwao chinatha, ndicho kugona usiku osaopa.

Tsono mau akuti "boma" achokera kuti? Ndi mau a Chiswahili, ndipo tanthauzo lache loyamba ndilo linga, kapena mpanda wotchinjiriza anthu ndi zoweta. Chaka cha 1891 Angerezi analalika kuti dziko lino liri m'manja mwao, ndipo Harry Johnston anadza ndi asilikari ochokera ku India, namenyana ndi Mponda, namanga linga pa mtsinje wa Shire limene analitcha Fort Johnston. Mafumu a Chiyao sanagonje msanga. Mwezi wa December chaka chomwecho kapitao wa asilikari, Maguire, anaphedwa ku gombe la kwa Makanjira. Ndipo mwezi wa February 1892 anthu a Jalasi anabweza nkhondo ya Azungu pa phiri, nalanda mzinga wao. Koma chaka cha 1895 asilikari anabweranso ochuruka, nalanda phirilo, napeza mzinga uja, ndipo Jalasi anathawira ku dziko la Apwitikizi. Pambuyo pache anamanga linga la miyala pamwamba pomwepo, limene makoma ache alipobe kufikira lero. Popeza olamulira atsopanowo anali kukhala m'malinga otere, anthu anayamba kunena kuti "ndapita ku boma", "boma lakana", kufikira mau a mpanda anasanduka dzina la ulamuliro wonse.

Tiyenera kunena zoona za boma limenelo mbali zonse ziwiri. Linaletsa malonda a akapolo, ndipo anthu anatsika m'mapiri nalimanso m'chigwa. Chaka cha 1911 linaletsanso kumwetsa anthu mwabvi, umene unatha anthu osalakwa osawerengeka. Zimenezi nzabwino, ndipo wozikana akana dzuwa. Komatu boma lomwelo silinafunse eni dziko kanthu. Linaika msonkho wa nyumba wa mashilingi 3 pa chaka, ndipo nyumba za osalipira zinali kutenthedwa; linalola kuti minda yaikuru ikhale ya Azungu, ndipo anthu okhala m'menemo anagwira thangata; ndipo m'bwalo lopanga malamulo ku Zomba munalibe munthu wakuda kufikira chaka cha 1949. Mbusa John Chilembwe anauka chaka cha 1915 chifukwa cha zowawa zotere. Chaka cha 1933 mafumu anapatsidwanso mabwalo ao ndi mphamvu zina, koma Bwana D.C. anali kutha kuchotsa mfumu, ndipo anthu sanali kutha kuchotsa Bwana D.C. Mpanda unalipo ndithu, koma chitseko chache chinali ndi mwini wina.

Apa tafika pa phunziro lachiwiri, limene mnyamata uja sanafunse koma liri lolemera koposa loyamba. Boma ndi malamulo si chinthu chimodzi. Boma ndi mphamvu. Lamulo ndilo chingwe chomanga mphamvuyo. Boma lopanda chingwe lifanana ndi garu wolusa amene munamweta kuti apirikitse afisi, ndipo atatha afisi ayamba mbuzi zanu. Mfumu Ahabu anali ndi boma lamphamvu, koma pamene anakhumba munda wamphesa wa Naboti, mkazi wache anampezera akulu a mudzi ndi mboni zonama zomthandiza, ndipo Naboti anaphedwa pa mlandu wooneka ngati woweruzidwa bwino.

Ife a m'boma la Mangochi tidziwa zimenezi koposa ena. Dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo pasanapite miyezi itatu nduna zina zinasiyana maganizo ndi Dr. Kamuzu Banda. Mmodzi wa iwo anali Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa ku Malindi. Mwezi wa February 1965 iye ndi anthu ache analowa m'Fort Johnston ndi zida, nalinga ku Zomba, koma analephera kuoloka pa Liwonde. Sindiweruza pano ngati anachita bwino kutenga zida. Chimene ndifuna muone ndicho chimene chinatsatira. Midzi yoganiziridwa kuti inamthandiza inatenthedwa, ndipo anthu ambiri, ena osadziwa kanthu konse, anatsekeredwa zaka popanda kuonekera pa bwalo liri lonse, pakuti lamulo la masiku amenewo linalola kutsekera munthu wosaweruzidwa. Chaka cha 1966 chipani chinatsala chimodzi, ndipo chaka cha 1971 Dr. Banda anakhala mtsogoleri wa moyo wache wonse. Akulu akumbuka kuti munthu wopanda kadi la chipani anali kubwezedwa pa chipata cha msika ndi pa khomo la basi. Orton Chirwa, amene anali nduna yoyamba ya zachilungamo, anaweruzidwa chaka cha 1983 pamodzi ndi mkazi wache Vera m'bwalo losalola loya womuyankhira munthu, ndipo anafera m'ndende ya Zomba chaka cha 1992. Ena anena kuti masiku amenewo kunalibe mbala zambiri, ndipo kapena anena zoona. Koma bata la munthu woopa kulankhula ndi bata la munthu wokhala pa mtendere siziri zofanana.

Pa 8 March 1992 kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'machalichi, yodzudzula zosalungama zimenezi poyera; ndipo mipingo yina ndi Asilamu anagwirizana pa kupempha kusintha. Pa 14 June 1993 anthu anasankha kuti zipani zikhale zambiri, pa 17 May 1994 anasankha boma latsopano, ndipo Malamulo Aakulu a dziko analembedwa, nakhazikika chaka cha 1995. Ndifuna mwana wa sukulu aliyense adziwe zinthu zingapo za m'menemo. Malamulowo anena kuti mphamvu yolamulira ichokera kwa anthu, ndipo wolamulira aigwira monga chosungitsidwa. Anena kuti lamulo liri lonse, kapena chochita chiri chonse cha boma, chotsutsana ndi Malamulo Aakuluwo chiri chabe. Agawa mphamvu patatu, kuti Nyumba ya Malamulo ipange malamulo, Pulezidenti ndi nduna zache ayendetse dziko, ndipo makhoti aweruze, kuti pasakhale munthu mmodzi wopanga lamulo, wogwira wolakwa, ndi womuweruza yekha monga mnyamata wa mfuti uja. Ndime 27 iletsa ukapolo ndi nchito yokakamiza. Ndipo ine powerenga ndime imeneyo ndikumbuka phiri lija. Ndime 42 inena kuti munthu wogwidwa ndi apolisi auzidwe chifukwa chache, ndipo aonekere ku khoti asanapite maora 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likhala pambuyo pache.

Kodi mau a pa pepala angathe kumanga munthu wokhala ndi asilikari? Nthawi zina alephera, sindikana. Koma pa 3 February 2020 oweruza asanu anagamula kuti chisankho cha Pulezidenti cha chaka cha 2019 sichinayende molungama, nalamula kuti chichitikenso. Chinachitikadi pa 23 June 2020, ndipo wolamulira anatsika pa mpando popanda nkhondo. M'masiku a Jalasi funso lakuti alamulire ndani linali kuyankhidwa ndi onga.

Tsopano titsike ku nyanja, pakuti kumeneko kuli fanizo limene ndilikonda koposa, ndipo likhudza ndiwo za m'mbale mwathu ngakhale ife a kumtunda. Chambo ndi nsomba yosunga ana: yaikazi ifungatira mazira m'kamwa mwache, ndipo ana ataswa athawirabe m'kamwamo poona choopsya. Msodzi akakoka khoka pa nyengo yoswana, pogwira nsomba imodzi apha mazana. Ndipo wokoka ukonde wa maso ang'ono, kapena chitetezo cha udzudzu chimene anachilandira ku chipatala, atha kasawala asanakule. Asodzi onse adziwa zimenezi, palibe wofunika kumphunzitsa. Nanga achitiranji? Pakuti yense anena m'mtima mwache, "Ine ndikaleka, mnzanga sadzaleka, nsomba zidzatha ndithu, ndipo ana anga okha ndiwo adzagona ndi njala lero." Ndipo kuganiza kwache sikuli kopusa iai. Umo ndimo chambo cha m'nyanja ya Malombe, chimene chinali chochuruka kwambiri kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, chinatsala pang'ono kutheratu patapita zaka khumi zokha, ndipo asodzi anatembenukira ku kambuzi. Anaononga nyanjayo si anthu oipa, koma anthu osauka, yense wochita chimene chinali chanzeru kwa iye yekha. Muone kuti msampha umenewu ndi womwe uja unagwira mafumu a mfuti.

Yerekezani ndi chisumbu cha Mbenji, ku Salima. Kumeneko mfumu ndi akulu a asodzi, kuyambira zaka za m'ma 1950, atseka chisumbu miyezi ya dzinja chaka ndi chaka, ndipo palibe woponya ukonde kufikira tsiku lotsegulira. Aletsanso mowa ndi njuga pa chisumbupo, ndipo wolakwa apirikitsidwa. Msodzi wa ku Mbenji aleka kusodza ndi mtima wokhazikika, chifukwa adziwa kuti mnzache nayenso waleka. Imeneyi ndiyo nchito yeniyeni ya lamulo: limasula munthu wofuna kuchita bwino ku mantha akuti adzakhala wopusa yekha. Boma linaphunzirapo kanthu, ndipo kuyambira chaka cha 1993 linayamba kukhazika makomiti a asodzi m'madoko a Malombe, ndipo lamulo la za nsomba la chaka cha 1997 linapatsa anthu a m'midzi gawo pa kusunga nyanja. Kumene mfumu ndi komiti aimirira osalandira kanthu kuseri, pali phindu. Kumene mwini khoka wolemera apereka nsomba kwa akulu kuti atseke maso, lamulo lisanduka ukonde wogwira usipa ndi kuleka kampango apite. Chimodzimodzi ndi nkhalango za Namizimu ndi Mangochi, kumene thumba liri lonse la makala lipatsa munthu mmodzi ndalama lero, ndi kuchotsera mudzi wonse madzi a m'chirimwe.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kuchinena molimba, chifukwa chalowa ngakhale pakati pa Akristu. Mbala ikagwidwa, khamu lithamangira miyala ndi moto, ndipo anena kuti, "Tikampereka ku polisi, mawa tidzamuona ali pa msika." Kudandaula kumeneku ndikumva, ndipo nthawi zina kuli ndi chifukwa. Koma dziwani kuti kutuluka pa belo si kumasulidwa; mlandu ukhala ulipobe, ndipo kawirikawiri ufa chifukwa mboni, ndiye ife tomwe, sitipita ku khoti pa tsiku lache. Akale anati mlandu suola. Koma munthu wophedwa sabwera kudzanena mbali yache. Chaka cha 2017 mbiri ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi maboma oyandikana nao, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi makamu popanda umboni uli wonse, ena alendo ongodzera njira. Khamu liribe mboni, liribe kufunsa, liribe apilo. Ndi mwabvi womwe uja wobwera ndi dzina lina. Ndipo nkhalamba zonenezedwa ufiti zipirikitsidwa ndi adzukulu ao omwe, pamene mbumba inaikidwa kuti iwasunge.

Lamulo lifikanso m'nyumba, pamene mwambo wokha unalephera kutchinjiriza wofoka. Kuyambira chaka cha 2015 lamulo la maukwati linaika zaka 18, ndipo chaka cha 2017 Malamulo Aakulu anakonzedwa kuti ngakhale makolo asathe kubvomereza ukwati wa mwana wosafika zaka zimenezo. Mtsibweni amene alandira ndalama za mnyamata wobwera ku Johannesburg ndi kuchotsa mwana wa mlongo wache pa sukulu, adziwe kuti tsopano mwanayo ali ndi womuyankhira wina woposa iye.

Kwatsala msonkho wa tomato uja. Mwana wanga, tomato unalima wekha, nzoona. Koma mseu umene wogula anadzera sunaulime wekha, ndipo mphunzitsi amene anakuphunzitsa kuwerenga ndalama zako, kuyambira pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere chaka cha 1994, alipidwa ndi msonkho wa anthu amene sunawaone. Mutu umodzi susenza denga. Ukandiyankha kuti ndalama za msonkho zibedwa, sindidzakutsutsa, pakuti dziko lonse linamva za kuba kwakukuru kwa ndalama za boma kumene kunaululika ku Lilongwe chaka cha 2013. Koma ona kuti ena a akubawo anaimirira pa khoti nalowa m'ndende, ndipo chinawafikitsa kumeneko ndi lamulo lomwelo limene iwe uti liribe nchito. Mankhwala a denga lodontha si kugona pa bwalo. Ndalama ya pa msika ipita ku khonsolo ya boma la Mangochi, ndipo khonsoloyo iri ndi makhansala amene inu munawasankha. Tsono upereke, koma ulandire chiphaso chache nthawi zonse, pakuti ndalama yoperekedwa popanda chiphaso ithera m'thumba la wotolera. Ndipo inu ogulitsa mukasonkhana, muitane khansala wanu, mumfunse kuti ndalama za msika uno chaka chino zinakwana zingati, ndipo chimbudzi ndi madzi ziri kuti. Kufunsa kotere si chipongwe kapena kuukira. Kuyambira chaka cha 2020 pali lamulo logwira nchito lopatsa nzika mphamvu ya kupempha maofesi a boma kuti aonetse zolembedwa zotere.

Aphunzitsi a m'midzi, powerenga phunziro ili ndi kalasi, muitane nkhalamba imodzi kapena ziwiri, Mkristu kapena Msilamu, zifotokozere ana zimene zinamva kwa agogo ao za masiku a pa phiri, ndi zimene zinaona zokha chaka cha 1965. Ndipo mulembe mau ao m'kabuku, pakuti otsala ndi owerengeka. Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzaona lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016, ndi chimene mkazi wamasiye ayenera kuchita abale a mwamuna wache akadza kudzalanda munda ndi malata a nyumba.